Kulondola nyimbo ya Sarafina mpaka ku Soweto

Lachinayi, 12 June: kuchoka ku Blantyre

Basi yanyamuka m'mawa dzuwa lisanatenthe, ndipo ndikulemba izi titadutsa kale chipata cha Mwanza ndi kuwoloka mtsinje wa Zambezi pa Tete. Ambiri m'basi muno akupita ku Joni kukaoda katundu wa malonda kapena kubwerera kuntchito. Mayi amene ndakhala nawo mpando umodzi atandifunsa chimene ndikukatenga kumeneko, ndinawayankha kuti ndikulondola nyimbo. Anandiyang'ana kanthawi osayankha, koma nditatchula dzina lakuti Sarafina nkhope yawo inamasuka, nayamba kuimba chapansipansi nyimbo yeniyeniyo imene ndimatanthauza ndisanaitchule n'komwe: Freedom Is Coming Tomorrow, kutanthauza kuti ufulu ukubwera mawa.

Kanema wa Sarafina ndinamuonera koyamba ndili Folomu 2, m'chaka cha 1995. Nthawi imeneyo dziko lathu linalibe wailesi yakanema yakeyake, popeza TVM inadzayamba mu 1999, choncho mafilimu tinkaonera m'tinyumba ta vidiyo kapena m'holo ya sukulu Loweruka madzulo, tonse titaunjikana kutsogolo kwa kabokosi kamodzi. Tepi ya Sarafina inazungulira mpaka zithunzi zinayamba kuchita mizeremizere. Atsikana anaphunzira mavinidwe ake onse, ndipo panalibe chisangalalo cha pasukulu chimene chinkatha nyimboyi isanavinidwe ndi ana ovala malaya oyera ndi mataye. Ife tinkaitenga ngati nyimbo ya chikondwerero basi. Ndinadzayamba kukayika nditakula, nditaoneranso kanemayu ndekha n'kuzindikira kuti ana amene akuimbawo ndi omwewo amene aika anzawo m'manda. Funso limene landikweza basi ndi limeneli: munthu amavina bwanji chotero ali pa maliro, ndipo mawa amene ankanenawo anali liti?

Lachisanu, 13 June: Beitbridge

Tsiku lonse lathera pamsewu ndi pamzere wodindira mapasipoti. Usiku tinadutsa Nyamapanda ndi Harare, ndipo pano tikudikira kuti basi iwoloke Limpopo. Agogo anga aamuna anayenda ulendo wa ku Joni kudzera ku Wenela, kukagwira ntchito m'migodi ya golide m'zaka zimene malamulo a tsankho anali pachimake. Sankakonda kufotokoza za kumeneko, kupatula za kuzizira kwake ndi za chitupa chimene munthu wakuda sankayenda popanda icho. Ndikuganiza za iwo chifukwa dziko lathu lili ndi mbali yake m'nkhani imeneyi: boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la azungu la South Africa mu 1967, pamene maiko ena a mu Africa ankalisala, ndipo ngongole yochokera kumeneko inathandiza kumanga likulu la Lilongwe. Pamene ana a ku Soweto ankaomberedwa, boma lathu linali pa ubwenzi ndi boma la owomberawo. Kusukulu sanatiuze zimenezi pamene tinkavina.

Loweruka, 14 June: Newtown, Johannesburg

Tafika pa Park Station m'bandakucha, mphepo ikulasa mpaka m'mafupa. Mlamu wanga, amene wakhala kuno zaka zambiri, anandilandira ndi jekete lowonjezera, ndipo nditapumula pang'ono tinapita ku Newtown kukaona Market Theatre, kumene nyimboyi inamveka koyamba pamaso pa anthu.

Nyumbayi inamangidwa mu 1913 ngati msika wa zipatso, ndipo kapangidwe kake ka msika kakuonekabe. Barney Simon ndi Mannie Manim anaisandutsa bwalo la zisudzo mu 1976, chaka chomwecho cha kuukira kwa ana a ku Soweto, ndipo inatchuka chifukwa akuda ndi azungu ankakhalira pamodzi kuonera masewero odzudzula boma pa nthawi imene malamulo ankawalekanitsa ngakhale pa mabenchi a m'misewu. Mbongeni Ngema, mwana wa Chizulu wobadwira ku Verulam kufupi ndi Durban, anali atadziwika kale pano ndi sewero la Woza Albert! limene analemba ndi Percy Mtwa ndi Barney Simon, komanso ndi lina lotchedwa Asinamali. Kenaka, pokonza sewero lake la Sarafina, anasonkhanitsa achinyamata, ambiri a iwo osadziwika n'komwe, n'kuwaphunzitsa kuimba, kuvina ndi kuchita zisudzo kwa miyezi yambiri. Pakati pawo panali mtsikana wa ku KwaMashu, Leleti Khumalo, wobadwa mu 1970, amene anatenga mbali ya Sarafina. Nyimbo zina za seweroli zinapekedwa ndi woimba lipenga Hugh Masekela, amene pa nthawiyo anali asakuloledwa kuponda kwawo, koma iyi ya ufulu wa mawa ndi ya Ngema mwini.

Sarafina inayamba ngati sewero la pabwalo mu 1987, zaka zisanu kanema asanatuluke, ndipo chaka chimenechi ndicho chinsinsi cha nyimboyi. Kuyambira pa 12 June 1986 dziko lonse linali pansi pa lamulo la nthawi ya ngozi, asilikali anali m'makomboni ndi m'mabwalo a sukulu, ndipo anthu zikwizikwi, ana omwe, anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Nelson Mandela anali m'ndende kuyambira 1962. Kusindikiza chithunzi chake kapena mawu ake unali mlandu, kotero kuti achinyamata amene ankaimba za iye sankadziwa ngakhale mmene nkhope yake inkaonekera pa msinkhu umenewo. Palibe munthu mu 1987 amene akanatha kuloza tsiku pa kalendala n'kunena kuti ufulu udzafika apa. Mtsogoleri wa boma la azungu, P. W. Botha, anali pampando, ndipo sankaoneka ngati munthu wofuna kugonja. Mawu akuti mawa, otuluka m'kamwa mwa mwana wa zaka 17 m'nyumba ino, sanali kulengeza nkhani imene yatsimikizika. Kunali kukana kuvomereza kuti zimene maso akuona ndizo zidzakhalepo mpaka kalekale.

Kuchoka pano seweroli linapita ku New York, linatsegulidwa pa Broadway, dera la mabwalo aakulu a zisudzo, mu January 1988 ku Cort Theatre, ndipo linaseweredwa kumeneko maulendo oposa 500 mpaka chaka chotsatira. Leleti Khumalo anaikidwa pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya zisudzo ya Tony. Ana amene kwawo sankaloledwa kuvota anaimirira usiku uliwonse pamaso pa anthu a ku America n'kuwauza zimene zinkachitika m'makalasi mwawo.

Ndakhala kanthawi pa benchi panja pa bwaloli n'kukumbukira kuti lero ndi 14 June. Pa tsiku ngati lomweli mu 1993 Amalawi anaponya voti pa riferendamu n'kusankha ndale za zipani zambiri, patangotha chaka ndi miyezi itatu maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ya pa 8 March 1992. Kanema wa Sarafina anatuluka mu 1992 momwemo. A ku South Africa anavota pa 27 April 1994, ife tinavota pa 17 May 1994, kusiyana kwa masabata atatu okha. Ndikuona tsopano chifukwa chake nyimboyi inatilowa chotere: inatipeza nafenso titangoyamba kutchula mokweza zinthu zimene makolo athu ankanong'ona.

Lamulungu, 15 June: Regina Mundi

Tinakwera minibasi kupita ku Rockville, dera lina la Soweto, kukachita nawo Misa ku tchalitchi cha Regina Mundi. Kunja kwake ndi nyumba wamba ya njerwa ndi denga lotsetsereka, koma mkati mwake mumalowa anthu zikwi. M'zaka zimene misonkhano ya ndale inali yoletsedwa, anthu ankasonkhana muno, ndipo maliro a ophedwa ndi apolisi ankasanduka misonkhano. Mu 1976 ana othawa zipolopolo anathamangira muno, apolisi anawatsatira n'kuombera mkati. Itatha Misa, bambo wina wachikulire amene amaonetsa alendo anatilozera mabowo a zipolopolo kudenga ndi ngodya ya guwa la nsembe imene inathyoledwa ndi thendere la mfuti.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kuimba kwa mpingo. Amayi a chigwirizano cha mpingo, ovala yunifolomu zawo, ankaimba akupondaponda pansi, mawu anayi akulukana popanda chida chilichonse, ndipo mmodzi akatsogola onse ankayankha. Umu ndi mmene nyimbo ya Sarafina inamangidwira. Pansi pake pali gitala, ng'oma ndi malipenga a mbaqanga, nyimbo za m'makomboni a Johannesburg zimene anthu ankavina m'malo omwera mowa ndi pa maukwati, koma pamwamba pake pali kwaya ya tchalitchi ndi ya sukulu, wotsogola ndi oyankha. Ngema sanapite kutali kukafuna zipangizo. Anatola zimene anthu a kuno ankaimbira kale posangalala ndi polira, ndipo kuno zinthu ziwirizi sizikhala motalikirana.

Nditawafunsa bambo aja za kuvina pa maliro, anandiyankha modekha kuti pa maliro a m'zaka za m'ma 1980 achinyamata ankanyamula bokosi pamapewa akuthamanga toyi-toyi mpaka kumanda, magalimoto ankhondo a apolisi akuwatsatira pambali. Anati munthu ukaimirira chete pamaso pa mfuti miyendo imanjenjemera, koma ukamaponda pansi limodzi ndi anzako mazanamazana mantha amasowa pokhala. Sindinawafunsenso china. Kwathunso timachezera maliro ndi nyimbo usiku wonse, ndipo m'madera a Achewa gule amatuluka pa maliro, choncho sindinayenere kudabwa zaka zonsezi. Chimene chinandisokoneza n'chakuti nyimboyi ndinaidziwira m'holo ya sukulu, itachotsedwa pa manda amene inabadwira.

Lolemba, 16 June: Orlando West

Lero ndi tchuthi cha Tsiku la Achinyamata, ndipo papita zaka 49 chichitikireni kuukira kwa ana a ku Soweto mu 1976. Tinadzuka m'mamawa kuti tiyambire pa sukulu ya sekondale ya Morris Isaacson, imene nkhani ya Sarafina inakhazikikapo. Anthu ambiri, akuluakulu omwe, avala yunifolomu za sukulu lero, monga mwa chizolowezi cha tsikuli. Ndinaona agogo aakazi a imvi atavala diresi la sukulu ndi masokosi oyera, akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo, ndipo palibe amene ankawaseka.

Chiyambi cha zonsezi chinali chilankhulo. Mu 1974 boma linalamula kuti m'sukulu za ana akuda maphunziro ena, monga masamu ndi maphunziro a za chikhalidwe cha anthu, aziphunzitsidwa m'Chiafrikaans, chilankhulo chimene ana ankachimva m'kamwa mwa wapolisi ndi woyang'anira zitupa, ndipo aphunzitsi ambiri sankachidziwa bwino. Pa 13 June 1976 atsogoleri a ophunzira anakumana ku Orlando n'kupangana za ulendo wamtendere. Mmodzi wa iwo anali Tsietsi Mashinini wa pa Morris Isaacson pano. M'mawa wa pa 16 June ana oposa 10,000 anatuluka m'makalasi ndi zikwangwani zolembedwa pa makatoni, kulunjika ku bwalo la masewero la Orlando. Sanafikeko. Apolisi anawatchingira ku Orlando West, anaponya utsi wokhetsa misozi, kenaka anayamba kuombera.

Tinayenda mbali ina ya njira imeneyi wapansi mpaka ku Vilakazi Street, msewu umene uli ndi nyumba ya Mandela, nambala 8115, komanso nyumba imene ankakhala Desmond Tutu. Lero msewuwu wadzaza malo odyera ndi ogulitsa zikumbutso, ndipo pa zokuzira mawu za galimoto ina nyimbo yathu ija inali kulira, ana aang'ono akuvina pambali pake monga mmene tinkavinira ife. Pang'ono kuchoka apo pali chikumbutso cha Hector Pieterson ndi nyumba yosungiramo mbiri imene inatsegulidwa mu 2002. Hector anali ndi zaka 12 pamene apolisi anamuombera n'kumupha tsiku limenelo. Chithunzi chimene Sam Nzima anajambula, ndi kutuluka m'nyuzipepala ya The World, chikuonetsa mnyamata wamkulupo, Mbuyisa Makhubo, atamunyamula akuthamanga, mlongo wake wa Hector, Antoinette, akuthamanga pambali dzanja lili m'mwamba. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri cha ophedwa ndi 176, koma ambiri amakhulupirira kuti pamene chipolowe chinkafalikira dziko lonse anafa anthu mazana angapo kuposa apo. M'bwalo la mkati mwa nyumbayi muli timiyala tolembedwa maina a ana ophedwa, tomwazikana pansi, ndipo munthu umayenda mosamala kuopa kuponda dzina.

Ndili pamenepo ndinaganiza za amene sanaone mawa aja. Mbuyisa Makhubo anathawa m'dziko chifukwa chosakidwa ndi apolisi, ndipo sanabwererenso kwa mayi ake. Tsietsi Mashinini anamwalira ku Guinea mu 1990, chaka chimene Mandela anatuluka m'ndende, ndipo anabwerera kwawo m'bokosi.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chinthu chimene ndakhala ndikuchimva m'nyimboyi osachilabadira. Nyimboyi sikulankhula ndi boma, kapena apolisi, kapena dziko lakunja. Ikulankhula ndi mayi, kumuuza kuti akonzekere ufulu wake. Mwa chikhalidwe chathu, ndiponso cha kuno, mayi ndiye amatonthoza mwana ndi mawu akuti mawa. Mwana akalirira nsapato kapena nyama, mayi amati gona, tiona mawa, ngakhale akudziwa kuti m'nyumba mulibe kanthu. M'nyimboyi zinthu zatembenuka: mwana ndiye akuuza mayi ake kuti mawa kuli chinthu, ndipo akunena motsimikiza kuposa mmene mayi ananenerapo. Ana a 1976 ankaona ngati makolo awo atopa ndi kugonja, pamene makolowo ankadziwa bwino chimene mfuti imachita ndipo ankafuna kuti ana awo akhale ndi moyo. M'kanemayu mkangano umenewu uli pakati pa Sarafina ndi mayi ake, Angelina, amene amagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu, kulera ana a eni ake pamene ake ali okha ku Soweto. Sarafina amawanyoza poyamba, ndipo amadzazindikira kulimba kwawo atatuluka m'ndende momwe anazunzidwa. Amene anasewera mbali ya mayiyo ndi Miriam Makeba, amene iye mwini analetsedwa kubwerera kwawo mu 1960 kudzaika maliro a mayi ake, n'kukhala kunja zaka 30. Ndikaganiza kuti mawu akuti mayi konzekerani ankagwera m'makutu a munthu ameneyo, nyimboyi imalemera mosiyana.

Madzulo tinaima pa manda a Avalon, kumene Hector Pieterson anaikidwa. Ndi manda aakulu kwambiri, ofika kumene maso alekezera, ndipo mphepo ya June inali kuulutsa fumbi lofiira. Sitinakhalitse.

Lachiwiri, 17 June: Johannesburg

Usiku wathawu tinaoneranso kanemayu kunyumba kwa mlamu wanga, pamodzi ndi Amalawi ena atatu okhala nawo pafupi. Anamujambula Darrell Roodt, wopereka ndalama ndi kuyendetsa ntchito anali Anant Singh, ndipo Whoopi Goldberg, amene anali atangolandira mphoto ya Oscar mu 1991, anasewera mphunzitsi Mary Masombuka, amene amaphunzitsa ana mbiri yosapezeka m'mabuku a boma n'kukafera m'manja mwa apolisi. John Kani ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo Ngema mwini anatenga mbali ya wapolisi wakuda wankhanza, Sabela, amene anawo amamutentha ndi moto. Chithunzi chimenecho ndi chovuta kuchiyang'ana, ndipo ndikuyamikira kuti sanachichotse, chifukwa chikuonetsa chimene nkhondoyo inawachita anawo mkati mwawo. Kanemayu anasakaniza zochitika za 1976 ndi za m'ma 1980, motero wofuna mbiri yolondola ya tsiku limodzi asaitenge pamenepo.

Pamene kanemayu ankajambulidwa zinthu zinali zitasintha kale. Mandela anatuluka pa 11 February 1990, Makeba ndi Masekela anali atabwerera kwawo, ndipo mu May 1992 kanemayu anaonetsedwa pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, m'dziko la France. Komabe voti inali isanafike, ndipo pa 17 June 1992, tsiku ngati lalero, anthu 45 anaphedwa usiku umodzi ku Boipatong. Choncho nyimbo imodziyi inaimbidwa m'nyengo ziwiri: mu 1987 pamene mawa sankaoneka n'komwe, ndi mu 1992 pamene ankaoneka koma magazi akukhetsedwabe panjira. Kumapeto kwa kanemayu Sarafina amaima m'sukulu yowonongeka n'kuona m'maganizo mwake konsati imene ankakonzekera, iye atatenga mbali ya Mandela womasulidwa, ndipo nyimboyi imaphulika pamenepo. Ngakhale m'nkhani yeniyeniyo, chikondwerero chija chili m'mutu mwa mwana woimirira pa phulusa.

Za Ngema mwini mtima wanga uli pawiri. Mu 1995 sewero lake la Sarafina II, lophunzitsa za Edzi, linabweretsa mkangano waukulu chifukwa cha ndalama zoposa 14 miliyoni za randi zimene unduna wa zaumoyo unalonjeza popanda kutsata ndondomeko, ndipo mu 2002 nyimbo yake ina yonena za amwenye a ku Durban inaletsedwa kuulutsidwa pa wailesi chifukwa chodzala chidani. Anamwalira pa ngozi ya galimoto ku Eastern Cape pa 27 December 2023. Zolakwa zimenezo sindikuzichepetsa, koma nyimbo iyi inachoka kale m'manja mwake n'kukhala ya ana amene anaiimba ndi amayi amene anaimbiridwa.

Kanema atatha, mmodzi wa alendo aja, mayi wa ku Mangochi amene amagwira ntchito ya m'nyumba kumpoto kwa mzindawu, anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati khitchini imene Angelina amagwiramo ntchito ikufanana ndi ya abwana ake, ngakhale kakhomo kolowera kumbuyo. Ana ake awiri ali kumudzi ndi agogo awo, ndipo papita zaka zitatu asanawaone. Anali kuno mu May 2008, pamene anthu oposa 60 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa alendo ndipo mabasi ananyamula Amalawi kubwerera kwawo. Iye anabisala masiku anayi m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya abwana ake, n'kusankha kutsala. Anandiuza kuti mwana wake wamkazi, amene ali Folomu 3, amamuimbira foni Lamulungu lililonse n'kumuuza kuti apirire pang'ono, popeza mwanayo akamaliza sukulu adzamutenga kubwerera kumudzi.

Basi yanga inyamuka mawa nthawi ya 9 koloko m'mawa pa Park Station. Mayi aja abweretsa kachikwama kakang'ono kuti ndikasiye kwa mbale wawo ku Limbe, amene adzakatumize ku Mangochi. Muli bulangete, sopo, nsapato zakuda za kusukulu ndi malaya oyera awiri.